ZA UMOYO WA M'BANJA: Cidendene Cowawa ndi Mamangidwe Ace

Mwezi uno titsikire pansi penipeni pa thupi la munthu, tikambe za ciwalo cimene siticiyamika kufikira tsiku limene ciyamba kutibvuta, ndico cidendene. Mutu ukawawa onse amva cifundo, m'mimba mukapota athamanga kukaitana anansi, koma mai akadandaula kuti cidendene cirikumlasa, a m'nyumba mwace angoti, "Mwaponda kamwala, mudzacira mawa." Mawa lifika, cidendene cikali kuwawa. Upita mwezi, ipita miyezi isanu, ndipo mai uja amene kale anali woyamba kufika kucitsime tsopano atsimphina pambuyo pa anzace, dimba lace lamera udzu, ndi ulendo wa ku chalichi tsiku la Mulungu auyesa ngati ulendo wa ku Joni.

Nthenda imene tirikunenayi idziwika ndi macitidwe ace. Munthu agona bwino usiku wonse wosamva kanthu. M'mamawa podzuka pamphasa, pakuponda pansi koyamba, amva ngati munga wa mthethe walowa pansi pa cidendene, cakutsogolo pang'ono, ku mbali ya m'kati, ndiyo mbali ya cala cacikuru. Akapirira nayendayenda pabwalo, ululu uja ucepa, ndipo ayesa kuti watha. Koma akakhala pansi nthawi, kapena kutongola cimanga kapena kumvera mlandu, nanyamukanso, munga uja ubwerera pomwepo. Madzulo a tsiku la nchito yambiri cidendene cingowawa cosaleka. Mukacipenya simuona bala, kapena kutupa, kapena mafinya. Koma mukakanikiza ndi cala pamalo paja, mwini wace alumpha. Madotolo aicha nthendayi plantar fasciitis, ndipo awerenga kuti pa anthu 10, mmodzi adzakomana nayo m'moyo wace, makamaka pakati pa zaka 40 ndi 60.

Kuti timvane bwino za mankhwala ace, tiyambe taona mapangidwe a phazi. Anyamata a masiku ano ambiri sanagwirepo uta, koma akuru adzatimva msanga. M'phazi limodzi muli mafupa 26, ndipo anayalidwa mopindika monga uta: nsonga imodzi ndiyo cidendene, nsonga inzace ndiyo mizu ya zala, ndi pakati pali pokwezeka, paja posasiya cizindikiro mukaponda pamcenga wonyowa. Pansi pa uta umenewu pali nsinga yace, yolimba ndi yotambalala monga luzi, imene iyamba pa pfupa la cidendene, nipita kutsogolo, nigawika m'nthambi 5, iri yonse ku cala cace. Munthu akaponda, kulemera kwa thupi kufuna kuwongola uta, koma nsinga ikana, nikungika, niusunga. Dotolo wina wa ku England, dzina lace J. H. Hicks, anaonetsa m'caka ca 1954 kuti zala zikapindikira kumwamba, monga zicita cidendene cikamanyamuka poyenda, nsinga ija izengedwa pa mitu ya mafupa monga cingwe cizengedwa pa mtengo wopukusa wa pacitsime, ndipo uta ukwera nulimba. Yesani nokha tsopano lino: gwirani cala cacikuru ca phazi lanu, mucikokere kumwamba, ndi dzanja linalo mupapase pansi pa phazi, mudzamva cingwe citaima nji.

Tsono cingwe ca mbuzi cithetheka kuti? Pa mfundo, pamene cimangika ku cikhomo. Momwemonso nsinga iyi: ikalemedwa kopitirira mphamvu yace masiku ambiri, iyamba kuperepeseka pamene igwirana ndi pfupa la cidendene. Usiku phazi ligwa cogona, nsinga ifupika niyamba kulumikizika. M'mawa mwini wace aiponda mwadzidzidzi ndi thupi lonse, ndiwo munga uja. Zoilemetsa tizidziwa tonse. Ndowa ya malita 20 iri ndi makilogalamu 20 a madzi, ndipo onsewo atsikira pa zidendene za wosenza. Onjezanipo mwana kumbuyo, kapena pakati pa miyezi 8. Kunenepa kucita cimodzimodzi. Aphunzitsi, anamwino ndi ogulitsa pamsika aima tsiku lonse pa simenti youma. Wina anakhala miyezi wosayenda kutali, nanyamuka tsiku limodzi ulendo wa kumaliro kutsidya la mapiri. Wina katumba wace ngwomangika, kotero kuti phazi silipindika bwino pa kakolo. Wina phazi lace nlaphwatalala, wina nlokwezeka kopambana. Ndipo ambiri ayenda pa miseu youma ndi mapatapata akutha, opyapyala ngati tsamba la nthoci.

Pano tiyenera kunena mau amene ena sadzakondwera nao. Popeza nthendayi ifika yopanda bala, ndi ululu wace ufanana ndi cinthu colasa, anthu ambiri athamangira kunena kuti, "Ndaponda mankhwala, wina wandichera panjira." Pamenepo ayamba kukumbuka amene anakangana naye za malire a munda caka catha, ndi nkhalamba ija yosauka imene inadutsa pabwalo dzulo. Tadziwa mabanja amene analeka kupatsana moto cifukwa ca cidendene. Ife tinena mosabisa kuti nthenda yomweyi igwira asilikari a ku Ulaya, othamanga a ku Japan, ndi anthu a m'maiko amene sanamvepo dzina la mudzi wanu. Ndipo kumnenera mnansi cinthu cotere popanda umboni ndiko kucimwira lamulo lacisanu ndi citatu. Za kutema mphini pa cidendene, palibe coturutsamo. Mungotsegula khomo la matenda pa ciwalo cimene ciponda dothi tsiku lonse, ndipo kafumbata alowera pa mabala otere.

Enanso abwera kucipatala atajambulidwa, ali ndi mantha akuru, nati, "Andipeza ndi pfupa lomera ngati munga pansi pa cidendene." Kapfupa kameneko kaliko ndithu mwa anthu ena, koma ambiri ali nako osamva kuwawa konse, ndi ena amva kuwawa kwambiri alibe. Cosowa cithandizo ndi nsinga, ndipo anthu acira kapfupa kali pomwepo.

Tifike tsono pa kumanga. Nzeru yace njapafupi: ngati nsinga ya m'kati yatopa, tiike nsinga yaciwiri kunja kwa khungu, imene idzasenzako katundu, kuti ya m'katiyo ipume mwini wace alikuyendabe. Mamangidwe amene afala koposa anawalongosola Ralph Dye, sing'anga wa mapazi wa ku America, m'caka ca 1939, ndipo kufikira lero m'zipatala achedwa low-Dye, cifukwa sakwera kupitirira akakolo. Comangira cace ndi pulasitala wosatamuka, woyera kapena wofiirira, amene pa sitolo ya mankhwala amucha zinc oxide; mufunse wa masentimita awiri ndi theka m'mimba mwace. Bandeji wa nsaru sathandiza pa nchito iyi, pakuti aterereka. Ndipo tikupemphani ndithu, musayese mphira ya cubu ca njinga, kapena tepi wakuda wa magetsi: mphira itseka mwazi, ndi tepi uja aononga khungu. Mwina munaona anyamata a mpira atamata timizere tobiriwira ndi tofiira m'miyendo. Ameneyo ndi pulasitala wotamuka amene anayambitsa Kenzo Kase wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Athandiza ena, koma mtengo wace ngwokwera, ndipo ife sitiona cifukwa cakuti banja la kumudzi ligulitse nkhuku kuti limpeze.

Munthu sangathe kudzimanga bwino yekha. Mutu umodzi susenza denga. Mwamuna amange mkazi wace, mkazi mwamuna wace, kapena mwana wamkuru amange kholo. Wodwala ayambe wasamba phazi ndi sopo, nalipukuta kuti liume ndithu, ndipo asadzole mafuta, pakuti pulasitala sagwira pa khungu la mafuta kapena la thukuta. Akhale pampando, atambasule mwendo pa mpando wina, phazi liturukire kunja kwa mpandowo. Ndipo aliimike monga likhala munthu ali ciriri, lisagwe cogona, koma zala zikhale zomasuka, zosakokedwa kumwamba.

Womanga adule mzere woyamba wautali. Aumate pa mbali ya kunja ya phazi, pa muzu wa kacala kakang'ono. Auyendetse m'mphepete mwa phazi kumka kumbuyo, auzungulitse kuseri kwa cidendene cakumunsi, pansi pa akakolo, naubwezere m'mphepete mwa m'kati kufikira pa muzu wa cala cacikuru. Ndipo pakumata nsonga yotsirizayo akanikize pang'ono muzu wa calaco cakupansi. Aikenso mzere waciwiri momwemo, wophimba theka la woyamba. Iyi ndiyo mitanda imene zina zonse zidzagwirapo, ndipo siyenera kukokedwa kolimba.

Atatero adule timizere tatifupi 4 kapena 6, monga mwa kutalika kwa phazi, kali konse kokwanira kucokera pa mtanda wa kunja, kudzera pansi pa phazi, kufikira pa mtanda wa m'kati. Apa ndipo pagona nchito yonse. Ayambe pansi pa cidendene, cakutsogolo, paja powawa. Amate nsonga kunja poyamba, nakoke kolimbika kumka m'kati, monga ngati alikunyamula pokwezeka paja pa phazi, ndipo amate. Nthawi zonse kucokera kunja kumka m'kati. Mukatembenuza, mudzagwetsa uta umene mufuna kuukweza. Kamzere kaciwiri kaphimbe theka la koyamba, kacitatu theka la kaciwiri, monga tifolera udzu padenga, kumka kutsogolo, nalekeze asanafike pa zala. Asalaze ndi cikhatho kuti pasakhale makwinya, pakuti khwinya limodzi pansi pa phazi libala thuza pofika madzulo. Potsiriza aike mzere wina wautali monga woyamba uja, wophimba nsonga zonse za timizere kuti zisafunyuluke. Pamwamba pa phazi pakhale posamanga. Musazenge pulasitala kuzungulira phazi lonse monga mumanga mtolo wa nkhuni, cifukwa phazi litambasuka munthu akaponda, ndipo mwazi usowa njira.

Tsono wodwala aimirire, ayende. Ambiri azizwa pomwepo poona kuti munga uja wacepa, ndipo ici cikhalanso umboni wakuti nthenda ndi yomwe tanenayi. Koma penyani zala. Zikacita dzanzi, zikazizira, zikatupa kapena kusintha maonekedwe, masulani nthawi yomweyo, mumangenso mofewerapo. Khungu likayamba kuyabwa kwambiri, kutentha kapena kuturuka nsungu, ndiye kuti thupi la munthuyo likana pulasitala, mcotseni, musabwerezenso.

Pulasitala akhale masiku 2 kapena 3, asapitirire 5. Pomcotsa musamzule mwamphamvu monga acita anyamata ofuna kuonetsa kulimba mtima. Mnyowetseni ndi madzi ofunda, kapena mudonthezere mafuta ophikira m'mphepete, ndipo musende pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira khungu. Phazi lisambidwe, ligone usiku umodzi lopanda kanthu, ndipo mumangenso. Posamba m'thupi bvekani phazi jumbo. Tidziwa kuti m'dzinja, ndi kwa iwo olima kudimba, pulasitala sakhalitsa, pakuti matope amfunyulula tsiku lomwelo. Tidziwanso kuti ndalama sizimera m'munda. Cifukwa cace uphungu wathu ndi uwu: ngati simungathe kumanga masiku onse, sungani pulasitala wanu kuti agwire nchito pa masiku a ulendo wautali ndi a kuima kwambiri, tsiku la msika, la kucigayo, la kumaliro, la ku chalichi.

Alipo anthu amene sayenera kumangidwa konse popanda mau a dotolo. Oyamba ndi odwala nthenda ya shuga, makamaka amene mapazi ao acita dzanzi, pamodzi ndi iwo amene khate linawasiyira mapazi osamva: otere thuza lingabadwe pansi pa pulasitala iwo osadziwa, ndipo kabala kakang'ono pa phazi la munthu wa shuga kadyetsa mwendo wonse. Enanso ndi a mapazi otupa, a mapazi ozizira osayenda bwino mwazi, a zilonda, a matekenya, a zikang'a zakuya zoturuka mwazi, ndi nkhalamba za khungu lopyapyala.

Tisakunyengeni, abale: kumanga sikuciza nthendayi. Madotolo amene anayesa njirayi pa anthu ambiri apeza kuti icepetsa ululu pa masiku ndi masabata oyamba, kufikira ngati masabata 6. Za kupitirira apo palibe umboni wolimba. Iri ngati mzati umene ticirikiza nao nkhokwe yopendekeka kufikira titakonza miyendo yace. Kukonza kwenikweni kuli m'zinthu zina zosalira ndalama, zimene anthu azinyoza cifukwa comweco.

Cacikuru mwa izo ndi kuwongola nsinga musanaponde pansi m'mawa. Mukali pamphasa, khalani tsonga, musanjike phazi lodwala pa bondo la mwendo winawo, mugwire zala zonse ndi dzanja, muzikokere kumwamba cakumsongolo kufikira mumva cingwe cija cakungika. Werengani pang'onopang'ono kufikira 10, mulekere, mubwereze kakhumi. Mucite cotero katatu pa tsiku, ndiponso musananyamuke pamene mwakhala pansi nthawi yaitali. Dotolo Benedict DiGiovanni ndi anzace ku America anayesa njira iyi m'caka ca 2003 pa anthu amene anabvutika miyezi yambiri, napeza kuti pa masabata 8 inawathandiza koposa kuwongola katumba yekha. Komabe katumba musamuiwale: imani moyang'ana khoma, manja pakhoma, mwendo wodwala kumbuyo, bondo lowongoka, cidendene cisanyamuke pansi, tsamirani kutsogolo kufikira mumva kukoka kumbuyo kwa mwendo, ndipo mukhale cotero theka la mphindi, katatu.

Ululu ukayamba kucepa, nsinga ifuna kulimbitsidwa. Michael Rathleff wa ku Denmark ndi anzace anaonetsa m'caka ca 2015 njira iyi: munthu aima ndi kutsogolo kwa phazi pa cinthu cokwera, monga njerwa kapena m'mphepete mwa khonde, atapinda kansaru pansi pa zala kuti zikwezeke, anyamuka pa zala pang'onopang'ono powerenga 3, aima pamwamba powerenga 2, natsika powerenga 3, ndipo acita ici tsiku limodzi, napuma linzace. Yambani ndi miyendo yonse iwiri, mutagwira mzati, kasanu ndi katatu kapena kakhumi. Mwendo umodzi wokha udzabwera pambuyo. Madzulo, pocheza pakhonde, mungagubuduze phazi pa botolo la madzi ozizira, kapena pa citsononkho. Sikuciza, koma kutonthoza.

Za nsapato, amene angathe apeze zokhala ndi pansi pocindikala ndi pofewa, cidendene cokwerako pang'ono, ndi zomanga kumbuyo. Zakale za pa kaunjika zikwanira, zikakhala zosadyeka mbali imodzi. Azibvale kuyambira pakuponda koyamba m'mawa, ngakhale m'nyumba ya simenti. Amene thupi lacuruka acepetseko nsima ndi shuga wa mu tiyi. Ndipo inu abambo ndi ana a m'nyumba, tamverani: pulasitala sadzapindula kanthu ngati mai wanu apitabe kucitsime kasanu pa tsiku ndi kunkhuni kuphiri. Njinga imene ipita ku bawo ingathe kunyamula zigubu ziwiri za madzi. Sitinena kuti wodwala agone. Kugona kokha kufooketsa nsinga. Ayende, agwire nchito zopepuka, koma katundu wa pamutu ndi maulendo atali zicepe kwa miyezi iwiri kapena itatu.

Mapiritsi a ululu, monga panado, athandiza pa masiku oipa. Ibuprofen athandizanso, koma amwedwe pamodzi ndi cakudya ndi masiku owerengeka okha. A zilonda za m'mimba, a nthenda ya impso ndi amai apakati asamwe osafunsa kucipatala. Alipo ena amene aumiriza dotolo kuti awabaye jekiseni pa cidendene. Jekiseniyo aliko, ndipo aletsa ululu ngati mwezi umodzi. Koma akabwerezedwabwerezedwa angathe kudula nsinga, kapena kusungunula mafuta aja amene akhala ngati mtsamiro pansi pa cidendene, ndipo amenewo akatha sabwerera. Dotolo akakana, musamuyese woumira.

Nthendayi icedwa kucoka, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Pa odwala 10, 8 kapena 9 acira cisanathe caka ndi njira zapafupi zomwezi, popanda mpeni. Koma acira pang'onopang'ono, sabata yabwino ndi sabata yoipa, kotero kuti munthu angazindikire tsiku lina kuti papita masiku atatu wosakumbuka cidendene cace.

Koma si cidendene ciri conse cowawa cimene ciri ndi nthenda iyi, ndipo safunsa anadya phula. Pitani kucipatala msanga ngati ululu unayamba pakugwa kapena pakulumpha kucokera pamwamba, kapena munamva kanthu kakuduka pansi pa phazi; ngati cidendene catupa, cafiira, catentha, kapena thupi lonse latentha; ngati ululu ukudzutsani usiku muli gone; ngati phazi licita dzanzi kapena kuyaka ngati moto; ngati cidendene ciwawa pocifinya m'mbali zonse ziwiri, pakuti pamenepo pfupa lingakhale ndi mng'alu; ndiponso ngati mnyamata amva zidendene zonse ziwiri pamodzi ndi msana wouma m'mawa. Mwana wa zaka 8 kufikira 14 wodandaula cidendene atasewera mpira, kawirikawiri bvuto lace liri pa malo okulira pfupa, kumbuyo kwa cidendene. Ameneyo musammange monga tanenamu, koma mumpumitse mpira, nimumuonetse kwa dotolo. Ndipo wamkuru amene wacita zonse tanenazi mokhulupirika miyezi itatu wosaona kusintha, abwerere kucipatala, apemphe kuonana ndi a mafizo, amene adziwa mamangidwe ena ndi zoika m'nsapato.

Amene mukali ndi mantha kuti mudzalakwitsa, tengani pulasitala wanu tsiku la sikelo kapena tsiku liri lonse mupita kucipatala, mupemphe namwino amange kamodzi inu mulikupenya, pamodzi ndi iye amene adzakumangani kunyumba. Mwezi wa mawa tidzakamba za zikang'a ndi matekenya.